Shedi Imene Ndinati Kulibe

Ana anga, za ubwana wanga ku Thyolo ndadumpha dala, chifukwa mwazimva mpaka kufika pomazinena nokha. Zimene simunamvepo ndi za ntchito yanga ku fakitale ya zovala ku Makata, ndi zimene ndinamuchita mnzanga Asiyatu ndili kumeneko. Dzina la fakitaleyo sinditchula, ngakhalenso la masitolo a kunja amene tinkawasokera. Sikuti ndikuwaopa ayi. Ena mwa anthuwo anamwalira, makampani ena anasintha mayina, ndipo amene ndikufuna kuti mumudziwe bwino m'nkhaniyi ndi mayi wanu.

1996: Kulowa pa geti

Ndinalembedwa ntchito iwe Chikondi usanasiye kuyamwa. Tinkakhala ku Ndirande, kumtunda kwa msika, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ndipo malemu bambo anu ankagwira ntchito ya ulonda. Kusoka ndinali nditaphunzira pakhonde la golosale kwa telala wina wa ku Goliyo, amene ankandilola kukhudza makina ake iye akapita kukadya. Tsiku la mayeso tinaunjikana akazi ambirimbiri pa geti, ndipo amene anatiyesa anali a Gondwe, manijala woyang'anira zosoka. Anali bambo wamfupi, wovala tayi ngakhale m'mwezi wa Okutobala, ndipo pa zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito ndinaphunzira chinthu chimodzi: a Gondwe akakumwetulira, dziwa kuti pali chimene akufuna. Anatipatsa aliyense thumba la malaya kuti tilumikize. Makina a magetsi ndinali ndisanawagwirepo, moti nditangoponda anathawa nane, nsalu n'kukwinyika. Mayi amene anali pa makina oyandikana nane, wovala mpango wophimba mutu wonse, anandinong'oneza osatembenuka kuti ndiponde ndi chala chachikulu chokha, ngati ndikuyesa madzi osamba. Ndinatero, ndipo ndinalembedwa. Ameneyo anali Asiyatu.

Asiyatu anabadwira mu Ndirande momwemo, mwana wa telala wodziwika wa kumsika, Msilamu wosaphonya swala. Mwamuna wake anapita ku Joni n'kungoti zii, kumusiyira ana atatu. Pa makina panalibe womuposa, ndipo pakamwa pake panalinso chimodzimodzi. M'mawa uliwonse tinkatsika limodzi wapansi kupita ku Makata, iye akundiseka kuti Alomwe timayenda ngati tikuthyola tiyi m'njira, ine ndikumubwezera kuti Ayao amathamanga ngati msika ukutsekedwa. Zaka zoyambazo tinkasoka mayunifolomu a sukulu ndi maovolosi a makampani a konkuno. Nsalu inali yolimba, msoko tinkaubwereza kawiri, ndipo kabudula mmodzi ankavalidwa ndi mwana woyamba, wachiwiri, mpaka wachitatu, matumba akadali bwino. Ntchito imeneyo ndinkainyadira, sindibisa.

2001: Maoda a kunja

Chaka chimenechi mwini fakitale, munthu wa kunja amene tinkangomuona pa galasi la ofesi yake yam'mwamba, anapeza maoda ochokera ku masitolo akuluakulu a kutsidya kwa nyanja. A Gondwe anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti mwayi watigwera, ndipo tinaomba m'manja ndi mtima wonse. Analembanso anthu ena ambiri, anagula makina atsopano, ine n'kundikweza kukhala cheka, woyendera chovala chilichonse chisanapakidwe. Kunena chilungamo, maoda amenewo ndiwo anakuphunzitsani sukulu, ndiwonso anagula puloti ya ku Machinjiri kuno. Choncho pamene ndikuwanena, musaiwale kuti tinadya nawo.

Koma nsalu yoyamba itafika ndinaiyang'anitsa ku dzuwa, ndipo ndinaona dzanja langa kuseri kwake. Anatiuza kuti titalikitse msoko kuti makina azithamanga, tileke kubwereza, mabatani tizingowagwiriza. Sitayilo inkasintha tisanaizolowere: mwezi uno mabulauzi a manja otukumuka, mwezi wamawa opanda manja, ndipo otsala a mwezi wathawo ankatengedwa ngati zinyalala. Tsiku lina ndinatenga bulauzi imodzi n'kuikoka pang'ono m'khwapa pamaso pa a Gondwe, msoko n'kuyasama. Ndinawauza kuti chovala chotere sichingapirire kuchapidwa kasanu, ndipo ogulawo adzatibwezera kontena yonse. Iwo anandiyang'ana ngati mwana amene walowerera nkhani za akuluakulu.

"Mayi Makwinja, eni akewo safika pochapa kasanu. Amavala, kujambulitsa, kutaya, n'kukagula china. Inu muzingoona kuti chafika kwawoko chisanang'ambike."

Kukayika kwanga kunayambira pamenepo. Ndinkadzifunsa kuti munthu woitanitsa chinthu choti akachitaye mawa, amamuona bwanji wochisokayo. Mavuto nawo sankasowa. Magetsi ankazima pakati pa ntchito, nsalu inkachedwa ku doko milungu itatu, mazipi ankafika a mtundu wina, koma tsiku lonyamuka kontena silinkasuntha ngakhale pang'ono. Kuchedwa konse kwa m'njira tinkakubweza ife ndi Loweruka ndi Lamlungu lathu, ndipo chitseko chakumbuyo chinkakhomedwa ndi loko kuti munthu asazembe. Ku kwaya ya amayi anafika pondifufuta m'kaundula chifukwa cha kujomba.

2004: Majinzi ong'ambika

Kenaka kunabwera oda ya majinzi. Sampulo yake inafika pa tebulo langa ndisanauzidwe kanthu: jinzi yofwifwa m'ntchafu, yonyotsoka m'matumba, bondo limodzi long'ambika. Ndinaiponya m'basiketi ya zokanidwa n'kulemba lipoti loti makoswe alowa m'chipinda chosungira katundu. Anandiseka mpaka ku kantini. Imeneyo ndiyo inali sitayilo yake. Ntchito yathu inali kusoka jinzi yatsopano bwinobwino, kenaka n'kuikalambitsa: kuikhula ndi sandipepa, kuing'amba pa bondo, n'kuipopera mankhwala ofiirira amene ankadya utoto. Asiyatu anaseka mpaka misozi. Anati bambo ake anathera moyo wawo wonse akuika zigamba pa maondo a anthu, ndiye mwana wawo azidya pong'amba maondo omwewo.

Ogulawo anali ndi buku lawo la malamulo, lonenepa, lokhala ndi zithunzi za anthu akumwetulira. M'bukumo munalembedwa kuti ntchito yopopera mankhwala izichitikira m'chipinda cha mafani otulutsa mpweya, ogwira ntchito atavala magalasi, magolovesi ndi zophimba mphuno, ndipo madzi ake asamatayidwe mumtsinje. Koma ogula omwewo ankafuna majinzi ambiri, msanga, pa mtengo wotsika kuposa wa chaka chatha. Zinthu ziwirizi sizikanakwana m'mphika umodzi, ndipo ine ndimakhulupirira kuti iwo ankadziwa. Mwini fakitale anachita lendi shedi ina ku Ndirande, imene kale inali chigayo, kumunsi pafupi ndi mtsinje. Akazi ena anauzidwa kuti alembe makalata osiya ntchito, abweze makadi awo a pa geti, ndipo azikalandira malinga ndi majinzi amene amaliza. Kwa munthu wa manja ofulumira ngati Asiyatu zinkaoneka zabwino, komanso kunali pafupi ndi ana ake. Anali woyamba kulemba kalatayo.

Lole inkapita ndi majinzi m'mawa n'kubwera nawo madzulo, ndipo ine ndinkapitako Lachiwiri ndi Lachisanu kukaona ngati ang'amba mofanana ndi sampulo. Choncho shediyo ndinkaidziwa bwino kwambiri. Inali ndi zenera limodzi. Fumbi la buluu linkakhala m'nsidze ndi m'mano, fungo la mankhwala linkakuluma kukhosi usanalowe n'komwe, ndipo akaziwo ankamanga zidutswa za zitenje pamphuno. Zala zawo zinasanduka zofiirira mpaka kukana sopo. Madzi otsukira ankangotsetsereka ndi ngalande kukagwera mumtsinje, kumtunda kwa pamene anthu ankachapira. Asiyatu anayamba kutsokomola chifuwa chosamva mankhwala, koma ndikamufunsa ankati ndi chisanu cha Juni, ngakhale tili mu Novembala.

2006: Alendo

Ogulawo ankatumiza anthu odzayendera fakitale, ndipo ankaneneratu tsiku lobwera. Ine chimenechi chokha chinkandikwanira, chifukwa munthu wofuna kuona mmene mumakhalira satumiza uthenga kuti musese. Sabata yonse tinkapenta makoma, loko wa chitseko chakumbuyo ankachotsedwa, m'zimbudzi munkapezeka sopo. M'kabati ya a Gondwe munkatuluka magalasi ndi magolovesi atsopano, ngati mbale zija timasungira alendo pa Khirisimasi. Anakonzanso kachipinda ka mafani awiri m'fakitale momwemo, mmene akazi anayi ankaikidwa kuti azioneka akupopera majinzi. Mayankho tinkaloweza ngati katekisimu: timaweruka nthawi yake, Lamlungu timapuma, madandaulo timakanena ku komiti. Wapampando wa komitiyo ndinali ine, ngakhale sindikumbuka tsiku limene anzanga anandisankha.

Kutatsala masiku anayi, a Gondwe anandiitanira mu ofesi n'kundipatsa tiyi wamkaka, akumwetulira. Ndinamwa tiyiyo ndikukumbuka kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anandiuza kuti ulendo uno mlendo akufuna kucheza ndi wapampando payekha, ndipo akamva za shedi ya ku Ndirande maoda onse achoka, osati a majinzi okha. Anatchula fakitale ina yapafupi imene inatsekedwa alendo otere atapeza zolakwika.

"Ine sindikukuuzani kuti muname," anatero. "Mungoimirira pa geti mawa m'mawa, muone anthu amene amalowapo. Basi."

Lamlungu masana ndinapita kwa Asiyatu. Ndinamupeza akuchapa, akutsokomola, ndipo ndinamuuza kuti mtima wanga ukufuna kuulula. Ndinati mwina mlendoyo akamva awakakamiza abwana kugula magalasi ndi mafani, mwinanso akazi a m'shedi abwezeredwa makadi awo. Iye anapukuta manja pa chitenje n'kundiyang'ana.

"Esnati, ukamuuza mzungu wakoyo, andibweretsera magalasi kapena atseketsa shedi?"

Ndinati sindikudziwa.

"Ukudziwa iwe. Mlendo ndi mame. Iye akwera ndege, ana anga atatu atsala akuyang'ana ine. Chifuwachi ndi changa, usandilirire. Ungotseka pakamwa."

Mlendoyo anali mayi wa msinkhu wanga, waulemu, wooneka wotopa ndi maulendo. Anabwera ndi womasulira, bambo wa suti amene ndinamuona akutsika m'galimoto ya kampani, ndipo masana bamboyo anadya pa tebulo limodzi ndi a Gondwe. Kucheza kwa payekha kuja kunali kwa anthu atatu. Mayiyo anali ndi pepala la mafunso lokhala ndi timabokosi tochonga. Anali atangochoka m'kachipinda ka mafani, ataona akazi anayi aja, ndipo mafayilo a makontena anali pamaso pake. Aliyense woganiza pang'ono akanaona kuti manja asanu ndi atatu sangakalambitse majinzi odzaza kontena pa milungu iwiri. Ndinkayembekeza kuti andifunsa zimenezo, koma sanafunse. Anangowerenga funso la pa pepala, ngati pali ntchito ina iliyonse imene imachitikira kunja kwa mpanda wa fakitale, cholembera chake chitaima kale pamwamba pa kabokosi kamodzi. Ndinati ayi. Anachonga osadzutsa mutu. Kenaka anandisunthira fomu kuti ndisayine, womasulira n'kunena kuti ndi yongosonyeza kuti takumana. Chingerezi changa n'cha Sitandade 8, koma chinakwana kuwerenga kuti ine, woimira ogwira ntchito, ndikutsimikiza kuti kampani ilibe malo ena ogwirira ntchito. Ndinawerenga kawiri, n'kusayina dzina langa lonse.

Mumtima mwa mayi uja sindinalowemo, mwina akanatithandiza ndikanalankhula. Koma mpaka lero ndimakayika. Ndimaona ngati sanatumidwe kudzafuna zoona, anatumidwa kudzatenga pepala loti mabwana ake azionetsa kwawoko wina akawafunsa, ndipo pepalalo ndinamupatsa ndine. Ndinatuluka ndili ndi manyazi, komanso, Mulungu andikhululukire, ndili wopepukidwa. Asiyatu ndinangomuuza kuti ndatseka pakamwa monga anapempha. Za kusayina sindinamuuze. M'mawa mwake magalasi anabwerera m'kabati, loko anabwerera pa chitseko, ndipo patapita miyezi ingapo majinzi athu anayamba kumangiriridwa kakhadi kobiriwira kojambulidwa tsamba, konena kuti anapangidwa mosamala anthu ndi chilengedwe. Ntchito yoona ngati kakhadiko kakhala mowongoka inali yanganso.

2007: Ku ofesi ya zantchito

Ngozi inachitika Lolemba lina m'mawa, m'nyengo yotentha. Payipi ya pampu yopopera mankhwala inali yong'aluka, yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo inaphulikira Asiyatu kumaso. Mpopi wa pa shedi unali wouma tsiku limenelo. Pamene anzake ankapeza ndowa ya madzi kwa aneba n'kumukweza minibasi kupita kuchipatala, nthawi inali itapita. Madokotala anayesetsa. Diso lakumanzere linafa, lakumanja linatsala likuona ngati m'chifunga. A Gondwe anatumiza paketi ya shuga ndi sopo, ndipo pasanathe masiku awiri lole inakachotsa chilichonse m'shedimo, mpaka misomali yokolekapo majinzi. Mwezi wotsatira munayamba kupempheramo mpingo wina.

Mabala atapola, Asiyatu anakadandaula ku ofesi ya zantchito kuti alandire chipepeso. Ndinamuperekeza ndine, atandigwira pa mkono chifukwa masitepe sankawaona. Mkulu amene tinamupeza anamvetsera bwino, n'kuitanitsa a kampani. Pa tsiku lake a Gondwe anabwera ndi fayilo. Anatulutsa kalata yosiya ntchito imene Asiyatu analemba yekha zaka zitatu m'mbuyomo. Anati kampani ilibe malo ku Ndirande, ndipo sinakhalepo nawo. Kenaka anatulutsa pepala la alendo lija, nati ngakhale woimira ogwira ntchito anatsimikiza zimenezi. Mkulu uja anawerenga mokweza mpaka pa dzina la wosayina, Esnati Makwinja. Ndinamva dzanja la Asiyatu likuchoka pa mkono wanga.

Ndinaimirira n'kunena kuti Esnati Makwinjayo ndine, ndipo ndinanama. Ndinafotokoza za lole, za zenera limodzi, za magalasi a m'kabati. Mkuluyo analemba zonse. A Gondwe sanakwiye, anangofunsa mofatsa kuti tsono akhulupirire Mayi Makwinja ati, a chaka chatha kapena a lero. Mkuluyo anati pafunika mboni zina. Akazi ena a m'shedi anali atalonjezedwa malo m'fakitale, ndipo palibe amene anabwera. Sindiwaimba mlandu, nawonso anali ndi ana. Titatuluka mu ofesimo ndinafuna kumugwira dzanja Asiyatu potsika masitepe, koma iye anagwira khoma.

"Ine ndinakupempha kuti utseke pakamwa," anatero. "Sindinakupemphe kuti ulembe dzina lako. Ndipo chaka chonse chija tinkadyera mbale imodzi, iwe osandiuza."

Anaitana mwana wake wamkazi amene ankadikira panja, napita.

Ku ntchito anandichotsa pa ucheka n'kundipatsa sizasi yodulira timaulusi totsalira m'misoko. Mlandu wa Asiyatu unkangodikira mboni zimene sizinkabwera. Chaka chotsatira ogula aja anapeza dziko lina losoka motchipa kuposa ife, anasamutsa maoda onse, ndipo fakitale inatsekedwa, mwini wake n'kubwerera kwawo. Palibe mlendo amene anabwera ndi pepala kudzafunsa mmene tatsalira. Bodza limene ndinkati likupulumutsa anthu a pa geti linangotigulira zaka ziwiri, ndipo Asiyatu sanalandire kalikonse.

2008 mpaka 2021: Ku Limbe

Ndinapeza malo pa kampani yaing'ono yosoka mayunifolomu ku Limbe, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka kupuma. Za kumeneko palibe zambiri, kupatula kuti ndinabwerera ku msoko wobwereza kawiri. Tinasamukira ku Machinjiri kuno, bambo anu anatisiya, Asiyatu anakakhala kwa mwana wake ku Manje. Tinkakumana pa maliro a anzathu a ku Makata n'kupatsana moni wa anthu ongodziwana. Kawiri ndinapita kwawo, ndipo kawiri konse anandilandira ndi ulemu wonse, kundipatsa mpando ndi tiyi, n'kumanditchula kuti Mayi Makwinja. Zinkandipweteka kuposa akanandithamangitsa.

Zovala za mtundu umene tinkasoka uja sizinathe, zinangotibwerera ndi njira ina. Iwe Chikondi, amene umatsegula mabelo a kaunjika ku Limbe, ukudziwa kuposa ine. Kale belo linkatuluka majekete oti munthu n'kukalamba nawo. Lero mumadzaza timabulauzi topyapyala, tina tisanavalidwe n'komwe, toti ngakhale pa mulu wotchipa anthu amangotitembenuza n'kutisiya, mapeto ake n'kukatenthedwa kuseri kwa msika kapena kukatseka ngalande. Ndipo iwe Madalitso umakonda kundionetsa pa foni makampani a zovala akulengeza kuti tsopano asintha, akusamala dziko, akulemekeza osoka. Mwina ena asinthadi, ine sindinapiteko. Umandinena kuti ndimakayikira zilizonse, ndiye tsopano wadziwa kumene ndinatengera khalidweli. Ndikaona chithunzi cha akazi ovala magalasi akumwetulira pa makina, maso anga amathamangira pa magalasiwo, kuona ngati anayamba akalikapo.

2023 mpaka lero

Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nyumba ya mwana wa Asiyatu ku Manje inapita yonse. Anapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha. Ndinayenda m'misasa ya pa masukulu masiku awiri ndisanamupeze. Anali atakhala pa mkeka pakona ya kalasi, anzake ali panja kusankha zovala zothandizira, zimene iye sakanatha kuziona kuti asankhe. Ndinagwada n'kutchula dzina langa. Ndinamuuza kuti chipinda chakuseri kwa nyumba yanga chilibe munthu. Anafunsa ngati chili ndi masitepe. Ndinati chilibe. Anapapasa ndodo yake, nati, "Ndiye tiye, Esnati."

Ndikudziwa kuti munadabwa, ndipo ena mwa inu munang'ung'udza kuti chipindacho chikanakhala cha lendi, kuti mayiyu si m'bale wathu, si wa mpingo wathu, ndipo ali ndi ana ake. Ndinangokuuzani kuti ndi mnzanga wakale, chifukwa ndinalibe mphamvu zonena zonse. Tsopano mwamva. Chimene ndikupempha n'chimodzi: ine ndikadzatsogola, chipinda chimenecho n'cha Asiyatu mpaka tsiku limene adzafune yekha kuchoka. Wina asadzabwere ndi nzeru zoti tikonze nyumba, tigulitse, kapena timutumize kwa ana ake.

Amasokabe, ndi manja, mongopapasa. Anthu a m'dera lino amamubweretsera zovala za pa kaunjika kuti apinde kapena abwereze misoko, ndipo ntchito simuthera chifukwa zovala za masiku ano zimamasuka zokha. M'mawa uliwonse ndimamulowetsera ulusi m'singano khumi n'kuzibaya pa kansalu, za ulusi wakuda kumanzere, za woyera kumanja. Sabata yatha, ndikuchita zimenezi, ndinamuuza kuti ndikulembera ana anga mbiri ya ku Makata. Anafunsa ngati ndidzasayine pamapeto pake. Nditavomera, anati ndiyambe ndamuwerengera yonse, amve chimene ndikusayinacho.

Ndinamuwerengera dzulo masana pakhonde. Anaseka pa nkhani ya makoswe. Pa mawu ake a Lamlungu lija anavomera ndi mutu, nati ndisasinthe kanthu, ananenadi choncho. Nditafika pa ngozi anandiimitsa n'kundiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza.

"Walemba kuti payipi inali yomangidwa ndi mphira. Unadziwa bwanji, poti Lolemba lija iwe kunalibe?"

Ndinaika pepala pamwendo, iye n'kupitiriza.

"Unabwera Lachisanu, ngozi isanachitike. Ndinakuonetsa pamene inkadontha, ndinati ukawauze a Gondwe atigulire ina. Iwe unati kontena ichoke kaye. Lemba zimenezo."

Ndinkaganiza kuti anaiwala, ndipo ine ndinali nditayesetsa kuiwala. N'zoona, ana anga. Anandionetsa, ndinaigwira ndi dzanja langa, inandinyowetsa chala, ndipo sindinakanene. Ndalemba, ndamuwerengeranso, ndipo wati tsopano ndikhoza kusayina.

Esnati Makwinja
Machinjiri